Dzina Kuseri kwa Mwala

Abale, ndinawachenjeza malemuwa koma sanandimvere. Ine ndine Golbahar, agogo awo. Kulemba sindidziwa, mawuwa wandilembera mdzukulu wina. Mverani mwakachetechete, musavomereze. Amuna awiri ayima pachipatawo si achibale.

Malemu a Ardalan anabadwa pa 9 mwezi wa Mehr, chaka cha 1367 pa kalendala yathu, m'mudzi muno, nkhondo itangotha. Mayi awo atamwalira, ndinawalera ndine. Mu 1382 anasiya sukulu n'kuyamba kuphunzira kusema miyala yapamanda. Mmisiri wawo anawazoloweza kulemba dzina lawo ndi nambala ya foni kuseri kwa mwala uliwonse, kuti ofedwa ena aziwapeza. Mu 1391 anakwatira mayi Shahnaz.

Mu 1401 boma linanyonga Peyman, mwana wa aneba athu, chifukwa cha zionetsero, n'kuletsa kuika mwala pamanda pake. Mayi ake anadzalira pakhomo pathu, kupempha mwala. Ine ndinati, "Iwe Ardalan, ngati mtima wakukakamiza, sema, koma dzina lako usalembepo." Anandiseka: "Agogo inu, tambala akangolira mumati apolisi! Mwala wosalemba dzina langa ukhala ngati wakuba. Ndani amasuzumira kuseri?"

Mwalawo unaima masiku atatu basi. Apolisi anauzula, nautembenuza, kenako anadzawagwira a Ardalan.

Ku khothi loweruza adani a boma, mlandu unatha madzi a tiyi asanawire. Loya anamusankha a boma omwewo, ndipo sanatsegule pakamwa. Ife tinali panja pa mpanda. Malemuwa anawalamula kukhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri, ati chifukwa chonyoza boma ndi kugwirizana ndi adani ake.

Fumbi la miyala linali litawadya kale mapapo. Mwezi ndi mwezi ndinkapititsa mankhwala, mwezi ndi mwezi ankandibwezera pageti. Pa 3 mwezi wa Dey, mu 1403, anatiitana kukatenga thupi.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, Nahal ndi Kaveh, ndi ine nkhalamba. Zikomo inu munasambitsa thupi, inu munakumba, inu munaphika. Mayina sinditchula, chifukwa chake mukuchidziwa. Pochoka tulukani awiriawiri, mafoni akhale m'thumba, kulira mukalirire kwanu.

Thupili anatipatsa nditadinda chala papepala. Andiuza kuti palembedwa zoti anafa ndi mtima, ndipo banja silidzadandaula kulikonse. Ndinadinda.

Ardalan mwana wanga, Allah akukhululukire, nawenso undikhululukire. Gona mumtendere.