Mpando Wakumbuyo kwa Bwato

Olemekezeka eni ake a kampani ino ya maulendo apamadzi. Olemekezeka akuluakulu a alonda a nyama zakutchire. Abusa, amene pemphero lanu latchula ng'ona kangapo kuposa mmene tikanafunira. Otsogolera alendo nonse ndi zipewa zanu zazikuluzo. Amayi ndi abambo ophika. Atolankhani, makamaka inu amene mukujambula chobwerera m'mbuyo madzi ali pafupi choncho. Mvuu zimene zikutimvetsera apo. Ndiponso bambo akunyumba kwanga, amene akhala pakatipo atapinda manja, akuyang'ana mtengo. Nonse landirani ulemu wanu.

Monga wapampando wa bungwe la zokopa alendo, ndatsegulirapo zinthu zambiri: nyumba zogona alendo, zimbudzi, ngakhale chipata china chimene chinalibe mpanda. Koma ntchito ya lero yandikhudza mpaka kuchipinda. Ndithokoze eni kampani chifukwa cha mabwato okongolawa, matenti osadontha, ndi majekete oyandamitsa amene mwakumbukira kugula a misinkhu yonse, kuphatikizapo wanga.

Sabata yatha anatiitana, ine ndi bambo, kuti tilawe ulendowu tisanauikire umboni. Titafika pagombe pano, mkulu wa otsogolera alendo anatiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kunena mwaulemu kuti, "Lamulo la bwato ndi lakuti wathupi amakhala kumbuyo, wopepuka kutsogolo. Ndipo wakumbuyo ndiye amawongolera."

Tandiyang'anani ine. Tsopano tawayang'anani bambo. Abusa, kuseka kumeneko kwapitirira.

Kwa amene simukuwadziwa, bambowa ndi dalaivala wa basi wopuma pantchito. Ayendetsa anthu moyo wawo wonse osagundako ngakhale nkhuku. Wilibala ya kunyumba saigwiritsa wina. M'sitolo ndikagwira tirole amandilanda, amati ndimakhota osayang'ana. Ndiye munthu wotero mumukhazike kutsogolo, nkhafi m'manja, chiwongolero chili kwa mkazi wake.

Tinanyamuka. Ine ndikati kumanja, iwo akupalasira kumanzere. Anzathu a m'mabwato ena anafika pokhota paja, ife tikungozungulira pamodzimodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu. Mvuu ina inatulutsa mutu, inatiyang'ana, n'kubwerera pansi, ndikhulupirira inachita chizungulire. Bambo akafuna kukhota ankatulutsa mkono kupereka chizindikiro, pamtsinje, kumbuyo kulibe ngakhale njinga. Titalunjika m'bango anayamba kupondaponda kufuna buleki, ndipo chimene anaponda ndi mazira a ophika. Ophika, nkhani ija ndi imeneyo, sanali anyani.

Apo mtima unandikwera. Ndinati, "Bambo, inu palasani basi. Dalaivala lero ndine."

Anapalasa. Ndipo ndinene zoona, bwato linayenda mowongoka. Tinaona njovu zikumwa madzi ndi ana awo, tinaona mbalame zimene ndinkayesa zimapezeka pa kalendala pokha, tinakocheza pamchenga woyera dzuwa likadalipo. Ulendowu ndi wokoma, abale. Bwerani ndi alamu anu, bwerani ndi anzanu akuntchito, koma okwatirana muyambe mwayezana kunyumba.

Chifukwa kuyambira m'bango muja, bambo sananditulutsire liwu. Tenti tinaimika ngati anthu osadziwana, iwo akundipatsira zikhomo ndi manja awiri. Kunyumba mchere amauloza ndi mlomo. Moni amapereka kwa galu, ine amangondigwedezera mutu. Ndayesa kuwaphikira zimene amakonda, adya n'kutsuka okha mbale. Ndayesa kuwaputa, ndinaimika galimoto yathu mokhota dala pakhomo, zimene kale zikanabala ulaliki mpaka madzulo. Anangotenga makiyi, n'kuiwongola, n'kubweza makiyi pamsomali.

Mukuseka, koma ine zikundiwawa. Munthu ameneyu kwathu ndiye wailesi. Amakalipira madalaivala a m'mafilimu, amandifotokozera misewu imene ndilibe nayo ntchito, ndipo ndakhala ndikupempha Mulungu zaka zonsezi kuti atontholeko pang'ono. Abusa, pemphero limenelo ndikulibweza. Nyumba yazizira, ndipo ine ndawasowa amuna anga.

Choncho, olemekezeka nonse, sizasi iyi ndaigwira, riboni ndi iyo, koma sindidula mpaka bambo alankhule. Ndikudziwa dzuwa likuswa mtengo. Ndikudziwa zakumwa zikufunda, ndipo alendo aja avala kale majekete akutuluka thukuta. Musayang'ane ine, yang'anani pakatipo.

Bambo, ndabwera ndi mtendere. Eni kampani avomera kuti lero mukhale kumbuyo. Akupakirirani komweko migolo ya madzi, mapoto ndi tenti kuti sikelo ikwane. Ine ndikhala kutsogolo, pakamwa nditatseka, ngakhale tilunjike pa njovu.

Akuyang'anabe mtengo. Alonda a nyama, mtengo umenewo uli ndi chiyani?

Eya, aimirira. Apatseni mpata. Mtolankhani, chotsani chojambuliracho pamphuno pawo. Tonse chete, tawamvereni.

Kwa amene muli kumbuyo simunamve, ndibwereze monga anenera. Akuti mapoto asawapakire, iwo si katundu, ndipo mpando wakumbuyo ndi wanga chifukwa ndinayendetsa bwino kuposa anyamata ambiri amene anawaphunzitsa. Akuti sanakwiye ayi. Akuti pa ntchito yawo pasinjala salankhula ndi dalaivala mpaka dalaivalayo atanena kuti tafika, ndipo ine ndinangotsika m'bwato osalengeza.

Sabata yonse, bambo inu. Sabata yonse munali paulendo, pabalaza pathu pomwe paja.

Chabwino. Pamaso pa abusa, pamaso pa alonda, ophika ndi mvuu, ine dalaivala ndikulengeza kuti tafika. Tsikani bwino, bambo, musaiwale katundu wanu, amene ndi ineyo.

Ndipo popeza ayamba kale kuwauza abusa za mmene ndinakhotera m'bango muja, ndidule msanga tisanagone pano. Ndi mtima woyera, ndikulengeza kuti maulendo a pabwato ndi kugona m'matenti pamtsinje uno atsegulidwa kuyambira tsopano.

Zikomo kwambiri.