Mkamwini Wobwereka

M'chaka cha 1956 Bornwell ankaphunzira ukalaliki wa khoti kufupi ndi Chongwe, ndipo mphunzitsi wake adamutuma kumudzi kuti akakonzekeretse wodandaula mmodzi mlandu usanalowe. Tsoka sasimba, adagwera amake Eneless, mayi wamasiye amene mkamwini wawo Yoramu adawabwereka ng'ombe yolimira n'kuiwala njira yobwezera. Mvula inali pafupi, mlandu unali wa mawa lake, ndipo mayiwo akadapanda kulankhula m'khoti, ng'ombe ikadapitiratu.

Bornwell anali mnyamata wabwino mtima, kungoti mawu a mphunzitsi ankawameza osatafuna.

"Amai, malamulo ni atatu," adatero akutsamiritsa njinga pankhokwe. "Muwayang'ane m'maso, muwaloze chala, muwatchule dzina."

"Ndani?"

"A Yoramu."

"Aa-aa. Mkamwini? Ine nikawaona panjira nipatukira m'thengo. Lero niwaloze chala monga galu wakuba mazira?"

"Nanga khoti izadziwa bwanji wamene anatenga ng'ombe?"

"Ng'ombe iwadziwa."

"Ng'ombe siloledwa kuchita umboni, amai. Tinafunsa m'kalasi."

Mayiwo adangotsonya. Bornwell sadagwe mphwayi, pakuti kusukulu adawaphunzitsa kuti wodandaula wamantha umayeseza naye mlandu, iwe n'kukhala mdani wake. Adakokera kabudula wake wa kaki m'mwamba n'kukhosomola.

"Tiyeseze. Kuyambira tsopano ndine mkamwini wanu."

Amake Eneless adafunda chitenje kumutu, nazungulira kuseri kwa nkhokwe, nagwada.

"Amai, muyenda kuti?"

Mawu adamveka kuseriko, aulemu ngati a m'tchalitchi.

"Iwe nkhuku, uza alendo kuti madzi akumwa ali mumtsuko."

"Musakambe na nkhuku, kambani na ine."

"Nkhuku, uwauze kuti kwathu mpongozi sakamba na mkamwini pamaso."

"Chabwino, chabwino. Ndine Bornwell."

Mayiwo adatulukira maso ali psuu. "Mbala ija. Inatuma mwana wanga kuti amai tibwerekeni sabata imodzi. Ng'ombe ya malemu amuna anga, yamene ninaidyetsa madeya na manja awa. Lero munda wake walimidwa, wanga uli thengo."

"Eyaa, kambani choncho, osasintha. Tsopano ndine a Yoramu."

Chitenje chidabwerera kumutu, mwini wake kuseri kwa nkhokwe.

Apa Bornwell ankawamveradi chisoni mayiwo. Adakumbukira phunziro lina lakuti mboni yamanyazi umaikwiyitsa mpaka lilime limasuke. Mmene ankachitira ndi maphunziro onse, ilinso sadalichite mwatheka. Adawalondola kuseriko, nakweza mawu.

"Iwe nkhalamba, ng'ombe sinibweza. Uzalima bwanji, na mano omwe ulibe? Niyang'ane."

Adakoka chitenje chija, mutu wa imvi n'kukhala pamtunda. Amayi awiri amene ankasinja pakhomo loyandikana adaimitsa minsi m'mwamba.

Amake Eneless adadzuka pang'onopang'ono, nasansa fumbi m'maondo. Adamuyang'ana m'maso, chala chili pamphuno pake.

"Iwe ndiwe ndani?"

Bornwell adasekerera, poona kuti phunziro lagwira. "A Yoramu. Aa, iyayi, Bornwell."

"Mwana wa ndani?"

"Wa a Tenson."

"Aja a khola lalikulu kutsidya kwa mtsinje?"

"Ee, omwewo."

"Niuze, poti ndiwe wophunzira. Mkamwini akavula mpongozi chitenje kumutu, na kumuti iwe, pali mlandu?"

Pa za malamulo Bornwell sankatha kunama. "Ulipo, amai. Waukulu."

"Nanga akakhala si mkamwini, ni mwana wa eni wangobwera pa njinga?"

"Ulipobe. Koma zinali zoyeseza. Amene anakamba ni a Yoramu."

"A Yoramu ali ku Palabana. Pakamwa panali pako, dzanja linali lako."

"Ee, dzanja linali langa, koma..."

"Wopalamula alipira chiyani?"

"Mbuzi." Adacheukira amayi a minsi aja, amene tsopano anali atasendera pafupi, ndipo mawu ake adachepa. "Pakakhala mboni, nthawi zina ng'ombe."

"Ehee."

"Amai, tisataye nthawi. Mlandu wanu wa mawa..."

"Mawa niyenda, usade nkhawa, ndipo nizakamba mpaka khoti itope. Wa mkamwini wanga nausiya, ni atate a adzukulu anga aja." Adamangirira chitenje m'chiuno, chala chikadali chilozere. "Koma iwe Bornwell mwana wa a Tenson, ukauze atate ako asankhe yozolowera goli."