Maliro a Esinati ndi Matabwa a Pabalaza

Masiku aja mafakitale asanatsekedwe, tauni ino ya Livingstone inkadzuka ndi mabelu a njinga, ndipo ukaima pamsewu wotuluka mu komboni ino ya Linda m'mawa unkaona amuna ali piringupiringu, ena kupita kocheka matabwa, ena ku njanji, ife ku fakitale ya mabulangete, aliyense atamangirira kachitini ka chakudya kumbuyo. Iwe Tisa unali usanabadwe, ngakhale amako anali akadali pasukulu. Inu a Mweemba, popeza mwabwera ndi tepi yopimira kuti mudule nyumba yanu muikemo ana a ku yunivesite, bwezani kaye tepiyo m'thumba, mumve zimene zinandionekera ine m'nyumba muno. Sindikukuletsani ayi, mdzukulu wanga munakwatira ndipo nyumba ndi yanu, koma mkamwini amamvera nkhalamba ngakhale ikubwebweta.

Mafakitale aja anatsekedwa, lina lero lina mawa, ndipo ife amene tinkayenda modzikweza tinayamba kukhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kumayang'ana nkhuku za eni. Alendo odzaona mathithi ankabwera ndithu, koma iwo amatsika ndege n'kukwera basi ya hotela, ndipo fumbi la mu Linda salidziwa. Mwayi wanga unali umodzi, kuti nyumba ino ya kanselo tinaigula ine ndi agogo ako Esinati nthawi imene ankazigulitsa kwa okhalamo. Esinati ndiye anaisandutsa nyumba. Pabalaza pano anaikapo mipando ya nsalu yofiira, kabati ya mbale zimene sitinadyerepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndi chithunzi cha ukwati wathu, ndipo azimayi a kutchalitchi ankakumana pano Lachinayi lililonse, ine n'kuthamangitsidwa ngati mbuzi.

Kenaka kunabwera ophunzira. Koleji yakale ya m'tauni muno inakula, ena anatsegula mayunivesite awo, ndipo malo ogona kumeneko anachepa, anawo n'kumwazikira m'makomboni muno, zikwama kumsana. Inu a lero mumaona ngati zinali choncho chiyambire, koma ine ndinaona ndi maso anga msewu uno ukutsitsimuka. Mai wa pakona amene ankagulitsa zitumbuwa zosakwana mbale imodzi anayamba kukazinga kawiri pa tsiku, wometa tsitsi anamanga kashopu ka malata, wina anagula makina okopera mapepala n'kuphunzitsa ana ake onse ndi makina omwewo, ndipo amatakisi anasiya kugona pa chiwongolero. Mwana wa sukulu sasunga ndalama, imalowa m'thumba lero, mawa ili kwa wamakala, kwa wakapenta, kwa wosoka nsapato. Koma walira mvula walira matope. Eni nyumba ataona kuti chipinda chimodzi chingagone ana anayi, anayamba kuchotsa mabanja amene anakhala nawo zaka zambiri, ndipo ndinaona mai wina wa ana asanu akukweza katundu pa wilibala kupita kutali kumene madzi amatunga pachitsime. Ndinamva chisoni, koma inenso mtima unali utayamba kale kupima zipinda zanga.

Esinati anadwala matenda a shuga, ndipo mankhwala ndi chakudya chimene adokotala ankanena zinatiposa mphamvu. Anzanga ankamanga zipinda kuseri kwa nyumba ndi mabuloko, koma ine mabuloko ndikanawatenga kuti? Ndinayang'ana pabalaza, ndinaona kuti ndi pamalo paukulu pongokhala mipando, ndipo ndinati tidule ndi matabwa pakhale zipinda ziwiri ndi kanjira pakati. Esinati sanakane. Anangopempha kuti kabati yake ilowe kuchipinda kwathu, ndipo inalowa, ife n'kumagona ngati katundu wa m'sitolo. Ndinaitana kalipentala, ndinamuuza kuti akhome zolimba kuti ana a eni asamagwedeze, ndipo anakhomadi, misomali yaitali ngati chala ichi, kuyambira pansi mpaka kudenga. Ine ndi Esinati tinangoganiza za mankhwala. Panalibe mmodzi wa ife amene anadzifunsa kuti pabalaza m'nyumba ya munthu ntchito yake yeniyeni ndi chiyani.

Ophunzira amene ankabwera kwa ife sanali ana ang'ono ayi. Anali aphunzitsi a m'masukulu akutali, amene amabwera sukulu zikatsekedwa, mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala, kudzawonjezera maphunziro kuti akwezedwe pantchito. Pakati pawo panali a Mwansa, mai wa zaka makumi anai ndi zingapo, Mbemba wa ku Mpika, wamfupi, wa mawu ngati wailesi. Tsiku loyamba atamva kuti ndine Phiri wa ku Katete anaika chikwama pansi nati, "Mwebantu, nagwa mu nyumba ya bakudya mbeba! Ba Phiri, mu poto yanga musaikemo vinthu va michila." Ine ndinayankha kuti asade nkhawa, anyani, ndiwo za Abemba, kuno tili nawo ambiri ku mathithi, sadzagona ndi njala. A Mweemba, mukuchidziwa chimbuya, ndi chomwe chija inu Atonga mumachita ndi Alozi. Ife a kum'mawa ndi Abemba timatukwanana, palibe wokwiya, koma chimbuya si nthabwala zokha. Pamaliro a kwa ife, mbuya ndiye amagwira ntchito, ndipo chimene mbuya wachita pamaliro palibe amene amamuimba nacho mlandu.

Esinati anatisiya mu Ogasiti, Lolemba mbandakucha, ku chipatala, sabata imene aphunzitsi aja ankalemba mayeso. Ndinabwerera kunyumba kuno, ndipo uthenga unali utandipitirira kale. Azimayi a kutchalitchi anali ataima pabwalo ndi mphasa zawo m'khwapa, akulira, koma osalowa. Inu mukudziwa mwambo wake, kuti maliro akagwa mipando yonse imatuluka pabalaza, azimayi amayala pansi n'kukhala mmenemo masiku onse mpaka kuika, amuna panja pa tenti. Azimayi aja anasuzumira pakhomo napeza kanjira kongokwana munthu mmodzi, matabwa uku matabwa uku, ndi zitseko ziwiri za maloko. Apo ndi pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Mkazi amene analirira anthu a mu Linda muno zaka zonsezo analibe poti amulirire m'nyumba mwake.

A Banda, achimwene ake a Esinati, anafika ndi galimoto kuchokera ku Highlands, kumayadi a anthu olemera. Anali munthu wa m'maofesi a boma, wopuma pantchito, wosakweza mawu, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Anayang'ana matabwa aja nthawi yaitali, kenaka anandikokera pambali.

"Alamu," anatero, "abale akunyamuka ku Katete lero, mawa afika. Kodi tidzawauza kuti mlongo wanga akulirirwa m'kanjira ka bodingi? Maliro tikachitire kwanga. Kuli malo."

Ndinati, "Alamu, Esinati wakhala pano moyo wake wonse. Anzake ndi awa, ku Highlands adzapita bwanji masiku atatu, nkhalamba zopanda ya takisi?"

"Nanga titani? Mutulutsa ana a eni pakati pa mayeso, mutawalandira nokha?"

Kunena zoona, ana inu, ndinachita manyazi kuposa chisoni, ndipo mpaka lero ndimadzida pa chimenecho. Maliro a mkazi akachoka pakhomo pa mwamuna wake ali moyo, anthu safunsa zambiri, amangodziwa kuti mwamunayo analephera. Ndinaweramitsa mutu, ndipo ndinali pafupi kuvomera.

Nthawi yomweyo a Mwansa anatulukira pageti, akuchokera kolemba pepala la m'mawa, bolopeni ili m'tsitsi. Anamva kulira, anaponya mabuku pansi nalira nawo kanthawi, kenaka mai wina anawanong'oneza zimene zinkakambidwa. Sanabwere kwa ine. Analowa kukhitchini, anatuluka ndi ufa m'manja monse muwiri, nauthira pamutu pa a Banda, pa jekete lawo lakuda lija, mbuu! Ufa wa chimbuya amathira pochokera kumanda, nthawi yake inali isanakwane, koma mbuya salakwa.

"Imwe ba Banda," anatero, "ni chani ichi nikumvela? Mufuna kutenga maliro ya ba mayo kupeleka ku mayadi, kwamene bantu balila monga bali mu ofesi? Awe! Ba kum'mawa nzelu zanu zonse munasiya ku mugodi wa mbeba. Aya maliro ni yanga ine, ndine mbuya pano. Ba Phiri, nipaseni nyundo."

A Banda anangosansa ufa pa jekete lawo. Akanakhala munthu wina aliyense akanamuitanira apolisi, koma Mbemba pamaliro a Mchewa, ukakwiya ndiwe amene anthu amakuseka. Ine ndinati, "A Mwansa, nanga mayeso anu? Mugona kuti, muwerengera pati?" Iwo anati, "Mayeso yazabwela futi. Ba mayo sibazafa kabili."

Anzawo atatu amene ankagona nawo m'nyumba muno, wina Mlozi, awiri Atonga, analibe chimbuya ndi ife, ndipo mmodzi anadandaula ndithu kuti iye anabwerera sukulu osati maliro. Sindimuimba mlandu, ananena zoona, ndipo tinamupezera malo kwa aneba. Awiri enawo anatulutsa mabedi ndi zikwama. Koma misomali ija, ana inu! Kalipentala anachita zimene ndinamuuza. Tinalimbana nayo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, wometa tsitsi uja anabwera ndi chitsulo chozulira, wamatakisi wina anabwera ndi jeke ya galimoto, matabwa akung'ambika, pulasitala akugwa, ndipo nthawi yonseyo azimayi anali pabwalo padzuwa, akuimba nyimbo za maliro moyang'ana khoma. Phokoso la nyundo pamaliro a mkazi wanga silichoka m'makutu mwanga. Thabwa lomaliza litagwa anasesa, anayala mphasa, ndipo azimayi analowa mmodzimmodzi nakhala pamalo pomwe ankakhala Lachinayi. Pamenepo ndi pamene inenso ndinalira.

Abale a ku Katete anapeza nyumba yodzaza. A Mwansa anamanga chitenje nagwira khitchini masiku atatu, akutukwana aliyense wa kum'mawa wolowa pageti, m'mawa akuthamangira kukalemba, masana ali pa mapoto. Mai wa zitumbuwa anatumiza beseni lathunthu, wamakala anatula thumba, ndipo ndinaona kuti ndalama za ophunzira zija zimene zinkazungulira mumsewu muno zinabwera kudzakhuza maliro. Tinamuika Esinati Lachinayi, atachokera pakhomo pake.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, a Mwansa anali atalephera pepala limodzi. Anzawo anavala zipewa zija za makona anai, anajambulitsa, anakwezedwa pantchito, koma iwo anadikira chaka china chathunthu, mai wa ana anayi, akulipiranso ulendo wochokera ku Mpika. Nditawapepesa anati, "Ni mbeba zanu zinaningena mu mutu," naseka, koma maso anali ofiira. Musamve anthu akunena kuti ubwino sulipiritsa. Umalipiritsa, ndipo amene analipira pa kulakwa kwanga sanali ine.

Tsono mukuona nokha kuti matabwa ndinawabwezera. Ndikanatani? Nkhalamba imadya, ndipo popanda ophunzira amenewa msewu uno ungabwerere ku njala ija ndinaiona. Alandireni, a Mweemba, ndi anthu abwino, ndipo adzakudyetsani. Koma musachotse banja la ana kuti muike mabedi osanjikiza, ndipo ngati mungathe mangani kuseri, pabalaza musiye. Pabalaza si panu nokha, ndi pa anthu onse amene adzabwere tsiku limene simunawaitane. Mukalephera ngati mmene ndinalepherera ine, imirirani muone mmene ndinamangira kachiwiri. Gwirani apa. Mulibe msomali ndi umodzi womwe, ndi mabauti okhaokha, ndipo anthu awiri angathe kutsitsa zonsezi madzi a tiyi asanawire. Ophunzira anga ndimawauza tsiku lomwe afika, kuti m'nyumba muno muli nkhalamba, ndipo tsiku lina adzapemphedwa kutulutsa mabedi.

Iwe Tisa, leka kuyang'ana pansi, imfa si mwano. Sipanala ya mabautiwa ili pamwamba pa chitseko cha kukhitchini, ndinaimanga ndi kansalu kuti isachite dzimbiri. Mukadzamva kuti ndapita, musadikire a Banda kapena wina aliyense, ndipo azimayi asadzaimenso padzuwa. Mudzayambire bauti ya pakona iyo, ndi imene imalimba.