Chipinda chozizira chinafa foni yanga ili chete

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni nonse. Ine ndimayang'anira makompyuta pa loji ina ku Senga Bay, ndipo chilimwe chathachi ntchitoyi inatsala pang'ono kunditha.

Pa loji pathu pali chipinda chozizira chosungiramo chambo, nyama ndi mkaka. Pali pulogalamu yomwe imalemba kazizidwe ka chipindacho mphindi iliyonse, ndipo siima. Ine ndinalemba kapulogalamu kanga koti kaziwerenga zimenezo, kutentha kukakwera kazinditumizira meseji. Nditakayesa, meseji inabwera. Ndinanyada, sindibisa, mpaka ndinauza a kukhitchini kuti asamavutikenso kukasuzumira.

Panapita milungu itatu foni ili zii, ine nkumati zonse zili bwino. Lolemba lina tikutsegula chitseko, mayo ine, fungo! Makina oziziritsa anali atafa kuyambira Loweruka, chambo chonse chimene tinasungira alendo obwera ku msonkhano sabata imeneyo chitaola. Abwana sanakalipe. Anangoti pofika Lachisanu ndiwafotokozere chomwe chinalakwika, ndikalephera ndisiye makiyi.

Ndinafufuza masiku atatu osapeza kanthu. Pulogalamu yaikulu inali italemba kutenthako bwinobwino, kanga nako sikanaonetse vuto lililonse. Ndinachita mantha, abale, poti ana anga awiri amadya za ntchito yomweyi. Lachinayi masana ndinakhala pa sitepe kuseri kwa khitchini nkupemphera kuti, Ambuye, nzeru zandithera, ndionetseni.

Mayi Asiyatu, ophika athu achikulire, anandipeza pomwepo akupeta mpunga. Iwo ndi Msilamu, ndipo za makompyuta sadziwa nkomwe. Nditawafotokozera anaseka.

"Inu ndinu kholo, koma mukuganiza ngati simunalerepo," anatero. "Mwana akakhala chete m'nyumba, mumati ali bwino? Ine ndimasiya mphika nkuthamangirako."

Mawu aja anandibaya. Ndinabwerera pa kompyuta ndi funso lina: kodi kapulogalamu kanga kamamva chilichonse? Ayi ndithu. Ndinakalemba moti kadikire pulogalamu yaikulu imalize, kenako kawerenge zonse pamodzi. Koma yaikuluyo simaliza! Tsiku loyesa lija ndinaiimitsa ndekha ndi dzanja langa, nchifukwa chake meseji inabwera.

Ndinakakonza kuti kaziwerenga mzere uliwonse ukangotuluka, komanso kuti pakatha mphindi zisanu popanda mzere, kazindiimbira belu pa foni. Lachisanu ndinauza abwana chilungamo, kuti wolakwa ndine. Iwo anati tiyese kapulogalamu kokonzedwako. Tinazimitsa makina, ndipo posakhalitsa foni inalira m'thumba mwanga iwo ali pomwepo. Makiyi ndikadali nawo.

Ndikuthokoza Mulungu, amene anayankha pemphero langa kudzera pakamwa pa mayi opeta mpunga. Ndazindikira kuti inenso ndimakhala ngati kapulogalamu kaja. Ndimadikira kuti Ambuye amalize zonse ndipamene ndimve, chonsecho Iye akulankhula tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono.

Inu amene mukuona ngati kumwamba kwatseka pakamwa, musafooke, ndipo musadikire mapeto a vuto lanu kuti muyambe kumvetsera. Ine masiku ano foni ikakhala chete nthawi yaitali, ndimanyamuka kukatsegula chitseko ndekha. Ambuye akusungeni nonse.