Khadi ya ngongole ndi munda wa mayi anga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka amayi anzanga othyola tiyi. Ine ndine make Chisomo, ndimakhala kufupi ndi Luchenza. Ndikufuna ndikuuzeni za khadi ya ngongole ya kubanki, momwe inatsala pang'ono kundilanditsa munda wa tiyi umene anandisiyira mayi anga.

Amuna anga ndi kalaliki wa pasikelo ku esiteti, amalemba makilo a masamba tikathyola. Atayamba kulandira malipiro a pamwezi, a banki anawapatsa khadi yachiwiri. Anati imeneyi imagwira ntchito ngakhale mu akaunti mulibe kanthu, kubweza n'kwa pambuyo. Inakhala m'sutikesi miyezi yambiri osaigwira.

Kenako bambowo anadwala shuga mpaka kuwagoneka m'chipatala. Inali nthawi ya chilimwe, tiyi atasiya kuphuka, ife othyola atatiimitsa. Anandipatsa khadi ija ndi nambala yake yachinsinsi kuti ndizigulira mankhwala ndi zakudya zimene adokotala ananena.

Ine sukulu ndinalekera sitandade 7, koma pa kusamala ndalama ndinkadzikhulupirira. Kwathu mafuta ophikira timagula a tsiku lomwelo, sopo kachidutswa, kuti zinthu zisamwazike. Ndi khadi ndinachita chimodzimodzi. Ndinkapita pa makina otapira ndalama kawiri kapena katatu pa sabata, n'kutapa pang'onopang'ono, mumtima ndikuti ndikusunga. Sindinkadziwa kuti ulendo uliwonse a banki ankadula yawo, ndiponso kuti ndalama yotapa pa khadi imeneyi imayamba kubereka chiwongoladzanja tsiku lomwelo.

Mwezi ukatha, pafoni ya bambowo pankabwera uthenga wa ndalama ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono. Ine ndinkalipira yaing'onoyo. Ndinazolowera adivansi ya ku esiteti: amadula pang'ono mwezi ndi mwezi, tsiku lina n'kukuuza kuti yatha. Koma yaikulu ija sinkatsika. Mwezi wina ndinachedwa masiku awiri ndili kudwazika, anaikapo chindapusa.

Bambowo atatuluka m'chipatala anawerenga uthengawo, n'kuika foni pansi. Tsiku limenelo sanadye. Ndinaopa kuti matenda ayambiranso, ndiye ndinapita mwakachetechete kwa munthu wina wa katapila. Anavomera kundipatsa ndalama yonse, koma chikole akufuna munda. Tinapangana kusainirana Lachisanu.

Munda umenewo si waukulu. Anabzala ndi agogo, unapita kwa mayi anga, kenako kwa ine, ndipo uyenera kudzapita kwa mwana wanga wamkazi Chisomo. Lachinayi ku msonkhano wa amayi kutchalitchi sindinauze munthu. Ndinangogwada n'kunena kuti, Ambuye, nzeru zanga zathera apa, ngati pali njira ina ndionetseni mawa lisanathe.

Lachisanu m'mawa ndinalibe ndalama ya kabaza yopitira kwa wakatapila uja. Ndinadula mkoko wa nthochi n'kupita nawo kwa aphunzitsi a Nyirenda, mayi wochokera kumpoto amene amaphunzitsa pa sukulu ya pa esiteti. Tinkangodziwana pogulitsana nthochi basi.

Anaziyang'ana n'kunena kuti, "Make Chisomo, inu simudula zosakhwima. Kwagwanji?"

Ndinawaonetsa foni ya bambowo. Anawerenga mauthenga onse ataima pakhonde, choko chili m'manja.

"Mwatapa kangati?" anafunsa.

"Sindinawerenge, aphunzitsi. Koma pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'onoyo ndiye wakulumani. Inenso khadi yotere inandiluma chaka changa choyamba pantchito, ndinatha miyezi ndikudya bonongwe ngati ndinalumbira."

Anandifotokozera kuti ndalama yaing'ono ija yambiri imangopita ku chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni n'kumakhala pomwepo. Anati kwa katapila ndisapite, ndidikire Lolemba. Nthochi zosakhwimazo anagulabe.

Lolemba ataweruka anatiperekeza ku banki, ine ndi bambowo. Anatiuza zopempha: kuti khadi itsekedwe, ndipo ngongoleyo aisandutse yobweza ndalama yofanana mwezi uliwonse, ya tsiku lodziwika lothera. A banki anaona pepala la malipiro a bambowo n'kuvomera. Sanatikhululukire ngakhale tambala, koma tsopano inali ngongole yotha.

Mvula itagwa tiyi anaphuka. M'mawa ndinkathyola ku esiteti, madzulo m'munda mwanga, ndipo ya m'mundamo yonse inkapita ku banki tsiku lisanakwane. Zinatitengera nyengo ziwiri za mvula.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa sananditumizire ndalama, ananditumizira munthu wodziwa kuwerenga uthenga umene ine ndinkangouona. Ndikuthokozanso aphunzitsi a Nyirenda, amene mpaka lero mkoko woyamba kukhwima umapita kwawo.

Amayi anzanga, ngati m'nyumba mwanu muli khadi yotere, musamatapire ndalama pa makina, ndipo pobweza yesetsani kubweza yonse tsiku lisanadutse. Zikakukanikani musabise ngati ine. Funsani, ndipo musaleke kupemphera ngakhale litatsala tsiku limodzi. Dzulo Chisomo anathyola yekha mizere itatu m'munda muja, ine ndikungomugwirira dengu.