Agogo Anga Munalibe M'bukumo

Omvera anzanga, ine ndinadzichititsa manyazi pamsonkhano wa makolo kusukulu kwathu ku Nkaya. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndipo kuwerenga ndinakuzolowera ndekha ndi buku lakale lothothoka chikuto. Pamudzi amanditcha pulofesa, ine osakana.

Makolo ankafuna kuti aphunzitsi ena aakazi asamutsidwe, ati akuphunzitsa ana kutsutsana ndi mabuku. Wowalankhulira ndinali ine. Ndinaimirira ndi buku langa lija n'kuwerenga mokweza kuti azungu ndiwo anamanga njanji yathuyi, kuti atitulutse mumdima. Ndinakhala pansi ndikudikira kuti andiwombere m'manja.

Aphunzitsiwo sanakwiye iyayi. Anangoti, "Bambo, mawa mubwere nalo m'kalasi, tidzawerengere limodzi ndi ana."

Ndinapita nditavala jekete. Nditamaliza kuwerenga, iwo anafunsa ana kuti, "Bukuli latiuza amene ankalamula. Nanga ankakumba ndani? Zitsulo ankasenza ndani?"

Amene anakweza dzanja anali mwana wanga wamkazi. "Ababa, si paja munkati agogo anu phewa linapindika chifukwa cha njanji?"

Zaka zonsezi ndinkanyadira tsamba limenelo, osaona kuti agogo anga mulibemo. Sabata yomweyo ndinayenda khomo ndi khomo kukabweza mawu anga, ndipo aphunzitsiwo akadali pasukulupo.

Mnansi wanga wa kabaza atandipeza ndikufuna kuponya buku lija pamoto, anati, "Achimwene, musaliwotche. M'mphepetemo malo alipo, lembanimo dzina la agogo anuwo."