Batani Lomwetulira

Pachipatala aika makina opereka manambala a pamzere. Asanakupatse nambala, amayamba akufunsa ngati umawakhulupirira, ndipo umayankha podina batani la nkhope yomwetulira kapena la yokwiya. Pamzerepo bambo wina wa ndodo ankacheza ndi mayi wobereka mwana.

"Mwawerenga chipepala chili pakhomapo, mayi? Akuti anthu 98 pa 100 alionse timawakhulupirira makinawa."

"Eee, chikondi chake chimenecho! Ine ngakhale bambo a mwanayu sindiwakhulupirira kufika pamenepo."

"Ndiye awiri okanawo ndi ndani?"

"Mmodzi ndine. Dzulo ndinadina lokwiyalo. Makina anati zikomo, kenako zii, nambala osatuluka. Ndinabwerera kunyumba dokotala osamuona."

"Anakukwiyirani ndithu. Makina ophunzira amenewa, amasunga mangawa ngati apongozi."

"Alonda aja anachita kundinong'oneza kuti ukadina limenelo makina amazima, ndiye mzere wonse umakutukwana."

"Kafukufuku wapamwamba zedi! Nanga lero mwadina liti?"

"Bambo, mwanayu thupi likuotcha ngati mbaula. Ndadina lomwetuliralo, kawiri konse, kuti makinawo asandikayikire."